Nsomba pa Mphuno ya Injini

Mkazi wa Lenard atachoka, anthu a ku Senga sanavutike n'kufunsa dzina la mkazi mnzake amene wapasula banjalo. Ankamudziwa onse. Inali pikapu yoyera, yakalekale, imene inatha chilimwe ndi dzinja itakhala pa njerwa pansi pa mtengo wa mango, bonati ili yasa, Lenard atalowamo mpaka m'chiuno.

Chomvetsa chisoni n'chakuti zonsezi ankachitira mkazi yemweyo. Eveles kwawo n'kumapiri, kufupi ndi Mvera, ndipo Lenard anamutenga chitengwa n'kubwera naye kunyanja, kumene iye ankakonza mainjini a maboti, mkaziyo n'kumayanika usipa wogulitsa. Tsiku la ukwati wa mng'ono wake wa Eveles ananyamuka pa pikapuyo, atapakira matumba a mpunga, makireti a zakumwa ndi azimayi a kwaya. Pamene msewu wa ku Lilongwe umasiya chigwa n'kuyamba kukwera, galimotoyo inatsokomola, inaima, kenako inayamba kubwerera ku Salima chafutambuyo. Azimayi anatsika n'kuyamba kukankha. Eveles anakankha nawo, nsalu yatsopano ya ukwati ili m'chiuno, ndipo minibasi imene inawadutsa inali yodzaza ndi abale ake, amene anatulutsa manja pawindo n'kuwabayibitsa mwaulemu.

Sabata isanathe, Eveles nkhaniyi ankaiseka ndi anzake pa thandala la usipa. Anamuuzanso mwamuna wake kuti kukankha galimoto si imfa, ndipo wokankha yake ali bwino kuposa wokankha ya eni. Lenard sanaseke. Amuna ena manyazi akawagwira amathawira kumowa, ena kwa aneneri. Iye anathawira pa foni, ndipo m'mavidiyo a pa foniyo ndi mmene anakumana ndi chinthu chotchedwa supachaja.

Supachaja si matsenga ayi. Ndi mvukuto chabe, ngati wa osula makasu. Injini imadya petulo wosakaniza ndi mpweya, koma mpweyawo ikamakoka yokha imakoka mwaulesi. Ukaiikira chitsulo chozungulira ndi lamba, choti chiziikankhira mpweya kukhosi, moto umakula, ndipo galimoto imene inkapempha chikhululuko pa chitunda chilichonse imayamba kuthamangitsa zinzake. Mavidiyowo ankanena zimenezi mwachidule, nyimbo ikugunda kumbuyo. Zoti walira mvula walira matope sankanena.

Matopewo anabwera motsatizana. Supachaja anaipeza ku Lilongwe kwa ogulitsa ziwalo za magalimoto akufa, ndipo itafika inakana kukwana m'bonati. Haruna, wowotcherera zitsulo pa boma la Salima, anaboola bonatiyo n'kuiikira linunda ngati la ng'ombe. Kenako lamba anayamba kuterereka. Atamukunga lambayo, injini inayamba kugogoda m'kati, chifukwa mpweya ukapanikizidwa umatentha, ndipo petulo akakumana ndi mpweya wotentha amayaka nthawi yake isanakwane. Panafunika karediyeta kena koziziritsa mpweyawo. Lenard anachotsa zonse za kumaso kwa galimoto n'kukaika karediyetako patsogolo penipeni kuti kaziombedwa ndi mphepo, ndipo Haruna anawotchererapo zitsulo ziwiri zopingasa zokatetezera kwa mbuzi ndi akabaza. Injini itapeza mphamvu, kilatchi inapsa. Atasintha kilatchi, anazindikira kuti galimoto tsopano ikumwa petulo mosapumira, moti ulendo uliwonse unkafuna zigubu kumbuyo. Vuto lililonse linkabereka linzake, ndipo Lenard ana onsewo ankawalera mwachikondi.

Kunyumba nako kunali matope ake. Mphika wa ndiwo unasanduka mochapira mabawuti. Pampando wa alendo panakhala giyabokosi, ndipo abusa atabwera kudzacheza anakhala pa chigubu. Asodzi amene ankamubweretsera mainjini a maboti anatopa n'kuyankhula ndi miyendo yake, napita kwa amakanika ena. Eveles usipa wake ankaukweza pa njinga za kabaza kupita nawo kumsika wa Salima, galimoto ili pakhomo. Mkaziyo atagonekedwa m'chipatala ndi malungo, Lenard anapita ndithu kukamuona, tisamunamizire munthu. Anakhala m'mphepete mwa bedi, namugwira dzanja, n'kumufotokozera kusiyana kwa gudumu laling'ono ndi lalikulu loyendetsera lamba, mpaka anamwino anamupempha kuti atuluke odwala apume.

Nthawi yokolola itafika, Eveles anati akukathandiza amayi ake kumunda, natenga mwana wawo wamkazi, Mayankho. Chimanga chinakololedwa, chinatonoledwa, chinalowa m'matumba, china mpaka chinapita kuchigayo. Eveles sanabwere.

Lenard anamusowa. Anthu ankaseka, koma munthu uja anamusowa mkazi wake moti anaonda. Tsiku limene injini inalira bwino koyamba, supachaja ikuimba mawu ake opyapyala ngati nyenje, anathamangira m'nyumba manja ali oyilo yekhayekha, akuitana kuti mayi a Mayankho dzamveni. Anaima pabalaza kanthawi. Kenako anatuluka kukazimitsa injini, chifukwa petulo ankatha.

Anaiyesa pa msewu wa Senga ndi Salima, ndipo inathamanga moti azimayi ogulitsa mphasa m'mbali mwa msewu anagwirira katundu wawo. Koma msewu umenewo ndi wathyathyathya, ngakhale bulu angatchukepo. Mlandu wake unali ndi chitunda, ndipo chitundacho chinali panjira ya kwa apongozi, kumene analibe nkhope yokaonekera yekha.

Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kunabwera uthenga wochokera kwa ankhoswe a kuchikazi. Anati abwere Loweruka m'mawa adzakambirane, ndipo akapanda kuoneka, a kumudzi adziwa kuti ukwati kulibe. Lenard anapita nawo uthengawo kwa nkhoswe yake, a Jailosi, amene anali malume ake, nkhalamba imene inapha utaka ku chilumba cha Mbenji mpaka maondo anakana, ndipo tsopano inali mkulu wa mpingo. A Jailosi anati akwera minibasi ngati anthu. Lenard anati galimoto yatha kukonzedwa, ndipo akufuna Eveles abwerere atakhala kutsogolo, pa msewu womwe uja, abale ake aone. Anakangana mpaka tiyi anazizira. Potsiriza a Jailosi analola, koma anaika lamulo.

"Mphwanga, tsiku limenelo woyankhula ndine. Pakamwa pako pasatuluke mawu a galimoto. Ngakhale tayala litaphulika, iwe uzingoti zikomo."

Lenard anavomera, ndipo anavomera ndi mtima wonse.

Loweruka m'mawa a Jailosi anatulukira kuchokera kudoko atavala suti yawo ya pa Mgonero, atanyamula chambo. Munthu wa kunyanja salowa pakhomo pa apongozi a kumtunda chimanjamanja, ndipo wokapepesa sanyamula usipa. Nsombazo zinali zazikulu, zongovuulidwa kumene, zotungidwa pa milaza, zochuluka moti nkhalambayo inkayenda chopendekera. Funso linali loti zikhale pati. M'kati ayi, suti inganunkhe. Kumbuyo kunali zigubu zija, ndipo nsomba yonunkha petulo ndi chipongwe kwa apongozi. Aliyense wochoka kunyanja amadziwa kuti nsomba imapachikidwa panja, pagalasi loonera kumbuyo kapena kumaso kwa galimoto, kuti mphepo iziiomba isaole. Galasi la kumanzere linapita kalekale ndi wakabaza wina. La kumanja linalandira mlaza umodzi n'kuyamba kuwerama. A Jailosi anazungulira kutsogolo, naona zitsulo ziwiri za Haruna, ndipo nkhope yawo inawala. Anati pa zonse zimene mphwawo wachita pa galimotoyi, chanzeru n'chokhachi. Anapachika nsomba zonse mondondozana, mothinana bwino, mpaka karediyeta kanabisika, ndi rediyeta yaikulu ya kumbuyo kwake yomwe.

"Malume," anatero Lenard, "pamenepo m'pamphuno pa injini. Imapumira pomwepo."

"Tinagwirizana chiyani?"

"Zikomo, malume."

"Ine ndinayamba kupachika nsomba pa malole iwe ukuyamwa. Palibe lole imene inafa ndi chambo."

 Wamkulu sauzidwa, makamaka wamkulu amene wavala suti chifukwa cha iwe. Mumtima Lenard anakonza nzeru. Mpaka kupitirira Salima injini sivutika. Akafika patsinde pa chitunda aima, anamizire kukataya madzi, n'kusunthira nsombazo m'mbali malume akuyang'ana kwina. Inali nzeru yabwino ndithu.

Pa boma anadutsa pang'onopang'ono, pakati pa akabaza ndi oitanira minibasi, amene anasiya ntchito n'kumaloza linunda ndi nsomba zake. Atawoloka njanji a Jailosi anayamba kuyeserera mawu amene akanene kwa akuchikazi, akumubwereza mneneri Hoseya, ndipo Lenard ankayankha zikomo m'malo oyenera, diso limodzi lili pa kamuvi ka kutentha. Kamuviko kanali katakwera pang'ono, koma kanali kakadali ndi ulemu.

Patsinde pa chitunda anapeza lole ya simenti ikukwawa, kumbuyo kwake minibasi, kumbuyo kwa minibasi galimoto yaikulu yonyezimira ya mabwana a bungwe linalake. Apa ndi pamene anayenera kuima. Lenard anati angopondako moto pang'ono, aone chabe. Supachaja inakweza nyimbo yake, mpando n'kumukankha kumsana. Galimoto ya mabwana inatsala m'mbuyo. Minibasi inatsala m'mbuyo, kondakitala atatulutsa mutu pawindo ali kakasi. Lole nayo inatsala, ndipo pikapu imene inkakwera pamenepa ndi giya wani ndi mapemphero inakwera ndi giya folo ikupemphabe ina. A Jailosi anagwira chipewa ndi manja awiri ngakhale anali m'kati. Lenard misozi inalengeza m'maso. Anadutsa malo enieni pamene Eveles anakankhira, anawazindikira ndi mwala waukulu wolembedwa vesi, ndipo anasangalala monga anali asanasangalalepo chibadwire. Za nsomba anaiwala.

Chinawakumbutsa ndi fungo. A Jailosi ananunkhiza, n'kunena kuti anthu a kumapiri kuno ayamba kudziwa kuwotcha nsomba. Lenard anayang'ana kamuvi kaja, napeza katagona kale pofiira. Injini inagogoda kawiri katatu ngati mlendo, kenako inagogoda ngati apolisi. Utsi woyera unatuluka kumbuyo, nthunzi n'kutuluka pa linunda, ndipo pikapu inaima pamwamba penipeni. Chitundacho inachimaliza, zimenezo palibe angailande.

Anathyola nthambi n'kuziyala mumsewu kutsogolo ndi kumbuyo, monga mwa mwambo wa galimoto yakufa. Onse amene anawasiya m'mbuyo aja anafika mmodzimmodzi n'kuwapitirira, ndi lole ya simenti yomwe. Lenard anatsegula bonati n'kuyang'ana m'kati nthawi yaitali, mutu wake ukugwira ntchito wokha osaupempha. A Jailosi anamasula nsomba. Mbali yoyang'ana kumsewu inali yaiwisi, yoyang'ana ku injini inali itapsa bwinobwino, yongosowa mchere. Za malole amene sanafe ndi chambo sananenepo kanthu, ndipo Lenard sanawakumbutse.

Mtunda wotsalawo anayenda wapansi, njira ya fumbi yokhotera kumudzi, dzuwa lili paliwombo, aliyense nsomba m'manja. A Jailosi ankapuma pa mthunzi uliwonse. Pa mthunzi wina anamuuza mphwawo kuti asadandaule, chifukwa Mulungu nthawi zina amathandiza munthu pomuthyola mwendo. Lenard anagwedeza mutu, koma sanamve bwino. Ankayenda maso ali pansi, milomo ikugwedezeka yokha, ndipo nkhalamba inaganiza kuti akupemphera.

Anafika anthu atadya kale, ena atabalalika. Koma mbiri inali itawatsogolera, chifukwa mmodzi mwa okwera minibasi ija anali wa m'mudzi momwemo, ndipo anali atalengeza kuti galimoto ya mkamwini yafera pa chitunda, yatulutsa utsi ngati uvuni wa njerwa. Lenard anadabwa kuona anthu akuwalandira ndi nkhope zofewa. Amayi ake a Eveles anawayalira mkeka watsopano. Azimayi analandira nsomba ndi manja awiri, anazitembenuza, anayang'anana, n'kupita nazo kukhitchini osafunsa.

A Jailosi anayankhula bwino, tiwapatse ulemu wawo. Suti ili fumbi mpaka m'maondo, anaomba m'manja n'kunena kuti mwana wawo analakwa, anasiya munthu n'kumasamala chitsulo, ndipo chitsulocho Mulungu wachiweruza yekha lero anthu akuona. A Chrispin, malume ake a Eveles, amene anali akunola mawu awo kuyambira nthawi yokolola, anapeza kuti palibenso pobaya. Anangoti ukwati ndi anthu awiri, wachitatu ndi kapasule, ndipo poti kapasuleyo watisiya, iwo alibe mawu. Anati afunsidwe mwini wake.

Mwini wakeyo anali atakhala pafupi ndi amayi ake, atatambasula miyendo, akuyang'ana zala zake za kuphazi. Anali atanenepako, ndipo zimenezi zinamupweteka Lenard. Eveles anadzuka n'kulowa m'nyumba. Anthu anadikira. Atatuluka anali ndi chikwama m'manja, Mayankho ali pambuyo pake atavala nsapato za kutchalitchi.  M'maganizo Lenard anaona kale nyumba ya ku Senga ili ndi anthu, usipa uli mbuu pa thandala, mwana akulakwitsa masamu pakhonde.

Eveles anaika chikwama pafupi ndi mkeka, nagwada, n'kumuyang'ana mwamuna wake m'maso koyamba tsiku limenelo.

"Bambo a Mayankho, akuti galimoto yafa."

"Yafa."

"Yaferatu?"

Apa panangofunika liwu limodzi, lalifupi, limene ngakhale mwana wongoyamba kuyankhula amalitha. A Jailosi anakhosomola. Anamupondanso chala. Lenard anawamva ndithu, ndipo ankadziwa yankho limene bwalo lonse likudikira. Koma aka kanali koyamba kuti mkazi wake amufunse funso la galimotoyo, ndipo iye anali asanamunamizepo chikwatiranire. Komanso njira yonse ya fumbi ija mutu wake unali utapeza kale pamene panalakwika, ndipo zinkamuyabwa pa lilime.

"Kuferatu ayi," anatero mofatsa. "Ndi gasiketi chabe, mwina ndi pisitoni imodzi. Vuto linali mphepo. Karediyeta kaja ndikakakweza pamwamba pa bonati, n'kukapangira kamlomo kokokera mpweya, ndiye kuti ngakhale nsomba zitakhala kutsogolo palibe chingasokonezeke. Mvula isanagwe ikhala itadzuka. Mayi a Mayankho, mukanaona mmene inakwerera."

 Nkhuku ina inadutsa pakati pa bwalo, palibe anaiingitsa. A Chrispin anayang'ana kumwamba ngati akufunafuna mvula yatchulidwayo. A Jailosi anavula chipewa n'kumayang'ana m'kati mwake.

Eveles anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wamvetsa bwino zimene wauzidwa. Sanakwiye, ndipo Lenard akanakonda akanakwiya. Eveles anauza Mayankho kuti akavule nsapato zingade. Kenako anamasula mfundo ya pa ngodya ya chitenje chake, natulutsamo kiyi wa nyumba ya ku Senga, amene anali naye miyezi yonseyi, n'kumuika pa mkeka patsogolo pa mwamuna wake, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja.

"Muyende bwino," anatero. "Mukawapatse moni a kunyanja."

Ananyamula chikwama chake n'kulowa nacho m'nyumba. Lenard anatola kiyiyo. Anali akadali wofunda ndi thupi la mkazi wake, ndipo anamufumbata mpaka anazizira.